Laputopu yanga ikulephera kuona Wi-Fi ya m'nyumba masiku ena, pamene mafoni onse akuiona

Mphunzitsi_Ntcheu analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikupempha amene mumadziwa bwino za makompyuta kuti mundithandize pa vuto limene landisowetsa mtendere kwa miyezi iwiri tsopano. Ndine mayi wophunzitsa pa sukulu ina ya sekondale, ndipo madzulo ndimachita maphunziro a patali, kotero kuti kupeza zowerenga, kutumiza mayankho kwa aphunzitsi anga, ndiponso kumvetsera maphunziro a pa Zoom Loweruka m'mawa, zonsezi zimadalira intaneti ya kunyumba. Laputopu imene ndimagwiritsa ntchito anandipatsa mchimwene wanga amene amakhala kunja. Si yatsopano, inagwirapo kale ntchito zaka zingapo isanafike m'manja mwanga, ndipo ili ndi Windows 10. Kunyumba tili ndi rauta yoikamo SIM khadi, ya timilongoti tiwiri kumbuyo, imene timaigulira bandulo ya mwezi wathunthu.

Vuto lake ndi ili: masiku ena ndikadina kachizindikiro ka Wi-Fi kumunsi kwa sikirini, dzina la netiweki yathu silipezeka pa mndandanda. Sikuti laputopu ikukana mawu achinsinsi, kapena kuti ikulumikizika kenaka n'kuduka, ayi. Dzina lenilenilo ndi limene limasowa, ngati kuti m'nyumbamo mulibe rauta. Chodabwitsa n'chakuti maina a ma Wi-Fi a anzathu a m'nyumba zoyandikana nafe, amene amakhala atatu kapena anayi, amaoneka bwinobwino, ndipo pa nthawi yomweyo foni yanga, ya bambo a kunyumba ndi ya mwana wathu wamkulu zimakhala zili pa Wi-Fi yomwe laputopu ikulephera kuionayo. Ndinafika ponyamula laputopu n'kuiika pafupi ndi rauta, motalikirana chikhatho chimodzi chokha, koma palibe chinasintha. Kenaka pamapita masiku anayi kapena sabata yathunthu zonse zikuyenda bwino, mpaka ine n'kuiwala kuti panali vuto.

Ndayesapo kuzimitsa laputopu n'kuiyatsanso kambirimbiri, ndayesa kuyatsa ndi kuzimitsa Airplane mode, ndiponso ndagwiritsa ntchito pulogalamu ya Windows yofufuza mavuto a netiweki, imene imangondiuza kuti sindinalumikizike, chinthu chimene ndimakhala ndikuchidziwa kale. Ndinapita nayo kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi makompyuta pa boma pano, ndipo atangoiyatsa inagwira Wi-Fi ya mu shopu mwake popanda kuvuta, moti anandiyang'ana ngati munthu amene wabwera ndi mwana wosadwala kuchipatala. Ananena kuti mwina ndi vairasi, anaisesa, ndinalipira, koma patatha masiku atatu dzina lija linasowanso. Lamulungu lapitali ndinatumiza ntchito yanga mochedwa, ndipo pofuna kudzipulumutsa ndinatsegula hotspot ya pa foni, imene inamaliza bandulo yanga yonse ya sabata usiku umodzi.

Funso langa ndi lakuti, kodi chodwala ndi laputopu kapena rauta? Bambo a kunyumba akuti tigule rauta ina, koma ine sindikufuna kutaya ndalama pa chinthu chimene mwina chilibe mlandu.

Wokonza_Makina_Limbe anayankha:

Madamu, zikomo chifukwa chofotokoza mwatsatanetsatane, pakuti ambiri amangolemba kuti intaneti sikugwira, ndipo munthu amasowa poyambira. Musagule kanthu pakadali pano.

Laputopu isanatsegule tsamba lililonse kudzera pa Wi-Fi imakwera makwerero anayi, ndipo kudziwa khwerero limene ikupunthwirapo ndi theka la ntchito yokonza. Poyamba imayenera kumva kuti rauta ilipo, chifukwa rauta iliyonse imalengeza dzina lake m'mlengalenga pafupifupi kakhumi pa sekondi imodzi, ndipo mndandanda umene mumauona kumunsi kwa sikirini ndi wa maina amene khadi ya Wi-Fi ya m'laputopu yawamva. Ikamva dzinalo imagwirizana ndi rauta pa mawu achinsinsi. Zikatero imapempha adiresi, imene m'nyumba zambiri imayamba ndi 192.168, ndipo ikapanda kupatsidwa Windows imadzipatsa yokha adiresi yoyamba ndi 169.254, yomwe sifikitsa munthu kulikonse. Khwerero lomaliza ndi loti rauta yeniyeniyo ifike pa intaneti, ndipo apa ndi pamene pamalowa nkhani ya bandulo yotha, netiweki yofooka ya kampani ya mafoni, ndi DNS, imene imasandutsa maina a masamba a pa intaneti kukhala maadiresi a manambala.

Ndafotokoza zonsezi kuti muone kuti inu mukupunthwa pa khwerero loyambirira. Choncho munthu akakuuzani kuti musinthe DNS ikhale 8.8.8.8, kapena kuti mulembe ipconfig /release ndi ipconfig /renew, dziwani kuti akukupatsani mankhwala abwino a matenda amene mulibe. Vairasi nayonso ndikuikayikira kwambiri, chifukwa sindinaonepo vairasi yosankha kubisa dzina la rauta imodzi n'kusiya maina a oyandikana nawo. Ndipo popeza laputopu ikuona ma Wi-Fi ena, ndiponso inagwira ya mu shopu ndi hotspot ya foni yanu, khadi yake ndi yamoyo, ndipo timawaya ta eriyo timene timadutsa m'mahinji kupita kuseri kwa sikirini sitinaduke.

Chimene ndikuganizira poyamba ndi kusiyana kwa mafunde. Wi-Fi imayenda pa mafunde a 2.4 GHz ndi a 5 GHz, ndipo malaputopu ambiri akale amamva a 2.4 GHz okha, pamene mafoni ambiri a masiku ano amamva onse awiri. Ngati rauta yanu ili ndi mbali ziwirizi, ndipo mbali ya 2.4 GHz imaima nthawi zina, zotsatira zake zingafanane ndi zimene mukuonazi. Kuti titsimikize, tsegulani Command Prompt, zenera lakuda la Windows lolembamo malamulo, lembani netsh wlan show drivers, ndipo mutiuze zimene zalembedwa pa mzere wa Radio types supported. Mukaonapo 802.11a kapena 802.11ac ndiye kuti khadi yanu imamva 5 GHz. Mukaonapo b, g ndi n zokha, kawirikawiri imakhala ya 2.4 GHz basi. Mutembenuzenso rauta n'kuwerenga kapepala komatidwa kunsi kwake, muone ngati patchulidwa 5 GHz.

Pempho langa lalikulu ndi loti muyambe kulemba papepala tsiku lililonse limene dzinalo lasowa, ndi chimene chinachitika m'nyumbamo tsikulo dzina lisanasowe. Vuto lobwera n'kupita limakhala ndi chimene chimaliitana.

Wophunzira_Zomba anayankha:

Madamu, ine ndinali ndi vuto lofanana ndi lanu chaka chatha, ngakhale kuti yanga inkaduka ili mkati mogwira ntchito, makamaka ndikazula chaja. Chimene chinandithandiza n'kuletsa Windows kugoneka khadi ya Wi-Fi pofuna kusunga batire. Mudine kumanja pa batani la Start, musankhe Device Manager, mutsegule Network adapters, ndipo pa dzina limene lili ndi mawu akuti Wireless kapena WLAN mudine kawiri. Pa tsamba la Power Management muchotse kachongi pa mawu akuti Allow the computer to turn off this device to save power. Mukatero mupite ku Power Options, pa Wireless Adapter Settings, n'kusankha Maximum Performance, kaya laputopu ili pa chaja kaya pa batire.

Zikapanda kutheka, yesani Network reset, imene ili mu Settings pansi pa Network & Internet. Imachotsa makhadi onse a netiweki n'kuwaikanso mwatsopano, ndipo kompyuta imadzizimitsa n'kuyakanso pakatha mphindi 5. Muyambe mwalemba mawu achinsinsi a ma Wi-Fi onse amene mumagwiritsa ntchito, chifukwa onse amafufutika. Njira inanso ndi kuika driver yatsopano ya khadiyo (kapulogalamu kothandiza Windows kuyendetsa khadiyo) kuchokera pa tsamba la kampani imene inapanga laputopu yanu. Ngati Wi-Fi yasowa pa nthawiyo, lumikizani foni ndi laputopu pogwiritsa ntchito waya wa chaja, n'kuyatsa USB tethering pa foni, ndipo intaneti ilowa popanda Wi-Fi. Ndikuonanso kuti mukanaganizira zosamukira ku Windows 11, popeza thandizo la nthawi zonse la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025.

Mphunzitsi_Ntcheu anayankha:

Zikomo kwambiri nonse awiri, ndipo pepani kuti ndatenga masiku khumi ndisanabwerere; ndinkafuna ndibwere ndi zenizeni.

Achimwene a ku Limbe, pa mzere umene munanena palembedwa 802.11b, 802.11g ndi 802.11n basi. Koma kapepala ka kunsi kwa rauta nakonso kakutchula 2.4 GHz yokha, ndipo bokosi lake, limene ndinalipeza pamwamba pa wadiropu, silikutchula 5 GHz paliponse. Ndikuona ngati zimenezi zikutanthauza kuti mafoni ndi laputopu zonse zikumvera mbali imodzi yomweyo, kotero kuti maganizo a mafunde awiri aja agwa, pokhapokha ngati sindinamvetse.

Mwana wanga wa ku Zomba, za kusunga batire ndinachita monga unanenera, ndipo driver ndinaika yomaliza imene ili pa tsamba la opanga laputopu. Network reset ndinaichitanso Lachiwiri, tsiku limene dzina linali litasowa, koma laputopu itayakanso mndandanda unali womwe uja: maina a anzathu alipo, lathu palibe. Za Windows 11 ndinayesa kufufuza, ndipo kompyuta yandiuza kuti purosesa yake ndi yakale ndipo siyikukwanira.

Chimene chandipatsa chiyembekezo ndi pepala lija. Pa masiku khumi amenewa dzina lasowa katatu, ndipo ulendo uliwonse linasowa magetsi atazima n'kuyakanso. Sindinali ndikuzindikira zimenezi chifukwa magetsi amazima nthawi zambiri ndili kusukulu, ndipo ndikamafika madzulo amakhala atabwera kale. Anandiuza ndi mtsikana amene amatithandiza ntchito za pakhomo, nditamupempha kuti azindisungira nthawi yake. Komabe si ulendo uliwonse umene magetsi azima pamene dzina limasowa, chifukwa pa masiku omwewo anazima kasanu ndi kawiri.

Dzulo ndinachita chinthu chimene sindinkachita kale, chifukwa ndinkaopa kusokoneza ana akamaonera zinthu pa foni. Dzina litasowa, laputopu sindinaikhudze, koma ndinazula rauta pa soketi, ndinawerenga mpaka 30, n'kuilumikizanso. Dzina silinabwere. Ndinabwerezanso, osabwera. Ulendo wachitatu, magetsi obiriwira a pa rauta atangokhazikika, dzina linatulukira pa mndandanda ndipo laputopu inalumikizika yokha. Ndiye ndikufunsa kuti, kodi n'chiyani chimene chimasintha mu rauta ikamayaka, chimene mafoni alibe nacho ntchito koma laputopu chimaipweteka?

Mkulu_wa_Mawaya anayankha:

Mayi, funso lanu lomalizali ndi limene lili ndi yankho, ndipo mwalipeza nokha ndi pepala ndi cholembera. Ndagwira ntchito yoyala netiweki m'maofesi kwa zaka zambiri, ndipo zimene mwafotokozazi ndikuzidziwa. Ndisanapitirire, yang'anani pa kiyibodi yanu, pa batani la nambala 3. Ngati pamwamba pa 3 pali chizindikiro cha £, laputopuyo inapangidwira msika wa ku Britain. Ngati pali # ndipo @ ali pa batani la 2, kiyibodiyo ndi ya kalembedwe ka ku America. Zimenezi pazokha si umboni wokwanira, chifukwa kiyibodi yotere imagulitsidwanso m'maiko ena ambiri, choncho mutiuzenso dziko limene achimwene anu anaigula. Ine ndikuganiza kuti mutchula America kapena Canada.

Mafunde a 2.4 GHz si msewu umodzi, koma anagawidwa m'matchanelo. Tchanelo 1 ili pa 2412 MHz, ndipo iliyonse yotsatira imakwera ndi 5 MHz, moti tchanelo 6 ili pa 2437, tchanelo 11 pa 2462, ndipo tchanelo 13 pa 2472. Ku Ulaya ndi m'maiko ena ambiri zipangizo zimagwiritsa ntchito matchanelo 1 mpaka 13, koma zopangidwira ku America zimalekeza pa 11. Makhadi ambiri atsopano amatha kuzindikira dziko limene ali n'kudzisintha, koma ena akale anakhomedwa kufakitale kuti asamamvere n'komwe 12 ndi 13. Amene munakwerapo galimoto yochokera ku Japan mukudziwa kuti wailesi yake yoyambirira imalekeza pa 90 MHz, kotero kuti masiteshoni a FM amene ali pamwamba pa nambala imeneyo sapezeka, ngakhale kuti akuulutsa bwinobwino ndipo wailesi ya m'nyumba ikuwagwira. Wailesiyo si yakufa, ndipo siteshoni si yakufa. Kungoti singano yake sifika kumeneko. Laputopu yanu ikuchita chimodzimodzi.

Tsopano, marauta ambiri amabwera tchanelo yawo itaikidwa pa Auto. Zimenezi zikutanthauza kuti rauta ikamayaka imayamba yamvetsera kuti ione matchanelo amene ali ndi phokoso la anzake, n'kusankha imene ikuiona kuti ili phee, ndipo kawirikawiri imakhala pomwepo mpaka idzazimenso. Magetsi akabwera, marauta onse a m'dera lanu amayaka nthawi imodzi, enanso amakhala atatsegula ma hotspot ndi ma MiFi a batire pa nthawi ya mdima, ndiye chimene rauta yanu isankhe chimasiyana tsiku ndi tsiku. Ikagwera pa 1 mpaka 11, laputopu imaiona ndipo mumakhala pa mtendere sabata yathunthu. Ikagwera pa 12 kapena 13, mafoni anu, amene anagulidwa kuno, amaitsatira osadandaula, koma kwa laputopu rautayo imakhala ngati yasamuka. N'chifukwa chake magetsi anazima kasanu ndi kawiri koma dzina linasowa katatu kokha, n'chifukwa chake kuzula ndi kulumikiza kunagwira ulendo wachitatu, ndiponso n'chifukwa chake mnyamata wa pa boma sanapeze kanthu: rauta ya mu shopu mwake inali pa tchanelo imene khadi yanu imaimva. Sindikumuimba mlandu kwambiri, chifukwa munamupititsira theka la vuto, theka lina linatsala kunyumba.

Musangokhulupirira mawu anga; yesani. Dikirani tsiku limene dzina lisowenso, ndipo musazule rauta. Tengani foni imene ili pa Wi-Fi yomweyo, tsegulani Chrome kapena msakatuli wina uliwonse, ndipo pamalo olemba adiresi mulembe manambala amene ali pa kapepala ka kunsi kwa rauta, amene nthawi zambiri amakhala 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Idzakufunsani dzina ndi mawu achinsinsi a woyang'anira, amene ndi osiyana ndi a Wi-Fi ndipo nawonso amalembedwa pa kapepala komweko. Mukalowa, funani pamene palembedwa WLAN kapena Wi-Fi settings, mwinanso pansi pa Advanced, ndipo muone nambala ya tchanelo imene ikugwira ntchito. Marauta ena amangoonetsa mawu akuti Auto osatchula nambala. Zikatero, ikani pa foni ya Android kapulogalamu kounikira ma Wi-Fi, ndipo kadzakuonetsani. Mukapeza 12 kapena 13, mlandu watha.

Mankhwala ake ndi kuchotsa Auto n'kuika nambala yokhazikika. Musankhe pakati pa 1, 6 ndi 11, osati ina iliyonse, chifukwa ulutsi wa Wi-Fi umatambasuka pafupifupi 20 MHz pamene matchanelo atalikirana ndi 5 MHz yokha, kotero kuti oyandikana amalowerana, ndipo atatu amenewa ndi amene sapondana. Kuti mudziwe yabwino mwa itatuyi, lembani netsh wlan show networks mode=bssid pa laputopu; idzakuonetsani Wi-Fi iliyonse ya anzanu, mphamvu yake ndi tchanelo yake, ndipo inu mutenge imene ili ndi anthu ochepa kapena ofooka. Ngati pali posankha Channel width kapena Bandwidth, ikani 20 MHz. Mukadina Save, Wi-Fi idzaduka kwa kamphindi pa zipangizo zonse, ndipo zimenezo zisakuopseni.

Chenjezo limodzi: kumbuyo kwa rauta kuli kabowo kolembedwa Reset. Musakabaye ndi singano, ngakhale wina akulangizeni kutero, chifukwa kamafufuta zonse, kuphatikizapo dzina la Wi-Fi, mawu achinsinsi amene munaika, ndipo pa marauta ena ngakhale APN imene imachititsa kuti SIM khadi ipereke intaneti. Komanso kadzabwezeretsa tchanelo pa Auto, ndipo mudzabwerera pomwe munayambira.

Zikachitika kuti rauta yanu silola kusintha tchanelo, pakuti ena ogulitsidwa ndi makampani a mafoni amabisa tsamba limeneli, njira zilipobe. Makhadi ena ali ndi mzere wa Country Region pa tsamba la Advanced mu Device Manager, pamene mungasankhe 1 mpaka 13, ngakhale kuti ambiri alibe. Ngati rauta ili ndi bowo la LAN, waya wa netiweki umathetsa nkhani yonse kwa munthu wogwirira ntchito patebulo limodzi, ndipo pa maphunziro a Zoom waya umaposa Wi-Fi kutali. Apo ayi, kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB, kogulidwa kuno, n'kotsika mtengo kuposa rauta yatsopano. Rauta yatsopanoyo, muwauze bambo a kunyumba, ikhoza kubweranso ili pa Auto.

Wokonza_Makina_Limbe anayankha:

Akuluakulu, ndavula chipewa. Ndinaima pa 5 GHz chifukwa ndi zimene ndimakumana nazo kawirikawiri mu shopu, ndipo za tchanelo 12 ndi 13 sizinandifike m'mutu, ngakhale kuti Madamu ananena poyambirira pomwe kuti laputopu inachokera kunja. Ndingowonjezera kuti tsiku limene laputopu yalumikizika, mukalemba netsh wlan show interfaces mudzaona mzere wa Channel, ndipo mukamaulemba pa pepala lanu lija masiku angapo mudzaona kuti nambala yake sidutsa 11. Pamene mwalowa kale mu rautamo, sinthaninso mawu achinsinsi a woyang'anira ngati akadali a kufakitale, chifukwa aliyense amene munamupatsapo Wi-Fi yanu angathe kulowa ndi mawu odziwika aja n'kusintha zimene mwakonza.

Mphunzitsi_Ntcheu anayankha:

Bambo, munalasa. Pamwamba pa 3 pali #, ndipo mchimwene wanga amakhala ku America. Laputopuyi ankaigwiritsa ntchito iye mwini asanagule ina.

Ndinadikira masiku anayi, ndipo kunena zoona aka kanali koyamba m'moyo wanga kulakalaka kuti magetsi azime. Lachisanu madzulo ndinapeza dzina litasowa. Ndinakhala pampando, laputopu pamiyendo, foni m'manja, n'kulowa mu rauta monga munafotokozera. Ndinavutika pang'ono chifukwa ndinkalemba mawu achinsinsi a Wi-Fi pamalo a woyang'anira, mpaka mwana wanga anatembenuza rauta n'kundiwerengera zolondola. Pa tsamba la Wi-Fi panalembedwa Auto, ndipo pambali pake panali nambala 13. Pa laputopu ndinalemba lamulo loonetsa ma Wi-Fi a anzathu lija, ndipo awiri anali pa tchanelo 1, mmodzi pa 6, ndipo wachinayi, wofooka kwambiri, pa 9. Ndinasankha 11, ndinaika 20 MHz, ndinadina Save, ndipo foni isanamalize n'komwe kulumikizikanso, dzina lathu linali litatulukira kale pa mndandanda wa laputopu, popanda kuizimitsa kapena kuikhudza.

Pofuna kutsimikiza kuti sizinangochitika mwamwayi, ndinabwezera dala tchanelo pa 13, ndipo dzina linasowa ndikuona ndi maso anga. Ndinaika 12, linasowabe. Nditabwezera pa 11 linabwera. Bambo a kunyumba, amene anali ataima kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi, anangoti ndalama ya rauta ija igule yunifolomu ya mwana.

Papita masabata awiri tsopano, magetsi azima kasanu ndi kamodzi, ndipo Wi-Fi sinasowepo. Mwana wanga wa ku Zomba, malangizo ako sanapite pachabe, chifukwa kale laputopu ikadzuka kutulo inkatenga nthawi isanagwire netiweki, ndipo chichotsereni kachongi kaja imagwira nthawi yomweyo. Mawu achinsinsi a woyang'anira ndasintha, achimwene a ku Limbe, ndipo ndawalemba pamodzi ndi nambala 11 mkati mwa chivundikiro cha bokosi la rauta.

Chatsala n'chaching'ono: kuchipinda chogona timizere ta Wi-Fi timakhala tiwiri tokha, ndipo Zoom imadukaduka ndikakhala kumeneko. Rauta ili kuseri kwa TV, pansi, pafupi ndi khoma la njerwa zootcha. Kodi tchanelo ikukhudzanso zimenezi?

Mkulu_wa_Mawaya anayankha:

Ayi mayi, imeneyo ndi nkhani ya malo. Khoma la njerwa ndi zitsulo za m'kati mwa TV zimameza mafunde, ndipo rauta yokhala pansi imataya mphamvu yake yambiri m'katundu wa m'nyumba. Ikwezeni pamwamba pa kabati, pamalo oonekera, cha kufupi ndi khomo lolowera kunjira ya kuzipinda, timilongoti take titaima chilili, ndipo isayandikane ndi TV kapena microwave ngati muli nayo, pakuti microwave nayonso imagwira ntchito pa mafunde a 2.4 GHz. Popeza ndi rauta ya SIM khadi, muyang'anenso magetsi ake oonetsa mphamvu ya netiweki ya foni pamalo atsopanowo musanakhomere waya kukhoma, kuti musapindule kuchipinda n'kutaya kumlongoti wa kampani ya mafoni. Mukaisuntha, lembaninso netsh wlan show interfaces muli kuchipindako, muyerekeze nambala ya pa mzere wa Signal ndi imene ilipo lero, ndipo mudzatiuze manambala awiriwo.